Amayi, mbuzizo zisiyeni m'khola

Halo amayi, ndi ine Tadala. Mwaswera bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, phokoso mukumvalo ndi mphepo ya ku Cape Town kuno. Uthengawu utalika pang'ono, muitane Chisomo mumvere limodzi, amalumenso ngati ali pafupi.

Chisomo wanditumizira zimene akumulembera bambo uja wa pa Facebook, wodzitcha ejenti wa mafilimu ku Joni. Akuti atumize kaye ndalama yolembetsera ndi chithunzi cha pasipoti. Ndamvanso kuti mukufuna kugulitsa mbuzi ziwiri. Amayi, ndapota nanu, mbuzizo zisiyeni m'khola.

Ine chino ndi chaka chachitatu ndili ndi ejenti, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira. Ejenti salemba munthu ntchito, iye ndi mkhalapakati. Kampani yojambula zotsatsa malonda za pa TV ikafuna anthu, imauza maejenti kuti tikufuna mtsikana wa msinkhu wakuti, wa maonekedwe akuti. Ejenti wanga amatumiza zithunzi zanga. Akandikonda amandiitana ku casting, kumene amakatiyesa kuti asankhe woti amujambule, kapena ndimadzijambula pafoni n'kutumiza. Ndimapita ngakhale kakhumi osatengedwa. Akanditenga, kampani ija imalipira kwa ejenti, iye n'kudulapo komishoni yake. Wanga amatenga R20 pa R100 iliyonse, yotsalayo n'kundiikira ku banki. Ine ndikagona ndi njala, iyenso kwa ine sadyako kanthu, n'chifukwa chake amandithamangira. Nanga uyo wofuna kudyeratu asanamuone n'komwe Chisomo, adzamuthamangira chifukwa chiyani? Chimene ndinalipira ine poyamba ndi zithunzi basi, ndipo ndalamayo ndinapereka kwa wojambula, osati kwa ejenti.

Ndalama yakenso si ya pompopompo. Ujambula lero, imabwera patatha mwezi kapena miyezi iwiri, a SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, atadulapo kale msonkho wa 25 pa 100. Ntchito imachuluka kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene a ku Ulaya athawa chisanu kwawo kudzajambulira kuno. Ikafika Juni, foni imangoti zii. Mumandifunsa kuti ku lesitilanti sindisiya bwanji, chifukwa chake n'chimenecho. Lendi sadikira casting.

Pamene ndinaonera phindu la ejenti ndi pa kontrakiti. Ndisanamupeze, ndinasaina pepala lina osaliwerenga, ndinangosangalala ndi ndalama ya tsiku limodzi. Nkhope yanga inakhala pa zikwangwani zaka ziwiri, ine osalandirapo ngakhale senti. Mpaka lero zimandiwawa. Kumene kuli ndalama ndi kumeneko, amati usage: chithunzi chako chionetsedwa m'maiko ati, pa TV kapena pa intaneti, kwa miyezi ingati. Nthawiyo ikatha iwo n'kufuna kupitiriza, amalipiranso. Zimenezi amakangana nazo ndi ejenti, ndiponso ndi iye amene amalondola ndalama ikachedwa.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi nkhani ya mapepala. Pasipoti ya Malawi imakulowetsa kuno masiku 30 ngati mlendo, osati kudzagwira ntchito. Ejenti wanga tsiku loyamba anandifunsa pemiti, nambala ya msonkho ndi akaunti ya ku banki. Bambo uyu sanafunse chilichonse mwa izi, akungoti bwera, zonse tikonza, ukagona kwathu. Amayi, atsikana aja anakazunzika ku Oman, ena anawakopa chonchi, pa Facebook, ndipo atafika anawalanda mapasipoti.

Chisomo, tsopano ndikuyankhula ndi iwe. Sindikukutsekera mwayi ayi, luso uli nalo, ndinakuona pa sewero la kutchalitchi lija. Umufunse dzina la kampani yake ndi pamene pali ofesi, unditumizire. Kuno kuli bungwe la maejenti lotchedwa PMA, ndi la ochita zisudzo lotchedwa SAGA, ndikafufuza ngati akumudziwa, ndipo mnzanga wa ku Joni akhoza kukayang'ana ofesiyo. Usatumize ndalama, pasipoti, kapena chithunzi chimene sungawaonetse amayi. Akakuumiriza kuti mwayi utha mawa, ingomubuloka.

Ndikuimbirani Lamlungu mukaweruka kutchalitchi. Mundipatsire moni agogo.