Mwana walowa mu myuziyamu ya ndege: mumupatsa chiyani m'manja?

[Chithunzi chakale: ndege ikunyamuka pamchenga]

Masekondi 12. Ndi nthawi yokhayo yomwe Orville Wright anakhala m'malere pa ulendo woyamba wa ndege ya injini, m'mawa wa pa 17 Disembala 1903, pafupi ndi Kitty Hawk ku North Carolina, m'dziko la America. Ndegeyo ilipo mpaka lero ku National Air and Space Museum mumzinda wa Washington, koma ndi yongoona ndi maso. Tsono inu mwapatsidwa ntchito yokonza chionetsero. Mwana wa zaka khumi walowa, manja akumuyabwa. Agwire chiyani?

Ambiri amathamangira sikirini. Ine ndikuti yambani ndi katoni.

[Manja akupotokola katoni yaitali, yotseguka mbali zonse ziwiri]

Mu 1899, Wilbur, mkulu wake wa Orville, anali m'shopu yawo ya njinga ku Dayton, m'manja muli katoni ya chubu. Ataipotokola anaona kuti mbali ina yaweramira pansi, inayo yadzuka. Nzeru inachokera pomwepo: mapiko akamapotokoka chonchi, ndege itha kupendekeka kapena kuwongoka monga akufunira woyendetsa. Vuto lalikulu la nthawiyo linali kuwongolera. Otto Lilienthal wa ku Germany ankawongolera posuntha thupi lake basi, ndipo anagwa n'kumwalira mu 1896. Mawu onsewa mutha kuwalemba pakhoma, koma amene wapotokola yekha katoni wamva kale. Ikang'ambika, zomwe zichitike ndithu, mumangoika ina.

[Munthu wagona chafufumimba pa benchi]

Apa ndiye pamtima pa chionetsero. Ndege ya 1903 inalibe mpando. Woyendetsa ankagona pa phiko la m'munsi, chiuno chili m'kachimango kamatabwa komangiriridwa ku mawaya. Akasunthira chiuno kumanja, mawaya ankapotokola mapiko. Dzanja lamanzere linkagwira kamtengo kokwezera kapena kutsitsira mphuno ya ndege. Pangani benchi yotero, mapiko ake azioneka akupindika pamwamba pa munthuyo. Pambali ikani ina yokhala chokhala, kuti agogo ndi a panjinga ya olumala asangoonerera.

Koma chonde, musafewetse. Ngati aliyense akuuluka bwinobwino ulendo woyamba, chionetserocho chikunama. Pa 14 Disembala abale awiriwa anaponya ndalama m'mwamba kuti aone woyamba, inagwera Wilbur. Anadzutsa mphuno kwambiri, ndege n'kugwa pasanathe masekondi anayi. Munthu amene anali atazolowera kale ndege zopanda injini ameneyo! Mlendo wanu naye agwe kawiri katatu, anzake amuseke, ayesenso.

[Bokosi lalitali lokhala ndi fani kumapeto]

Ndege yawo yopanda injini ya 1901 inawakhumudwitsa: sinkanyamuka monga masamu a m'mabuku ankanenera. Atabwerera ku Dayton anakhoma bokosi la mphepo lotalika pafupifupi mamita awiri, n'kuyesamo timapiko tazitsulo pafupifupi 200. Zoyezera zake anazipanga ndi masipoko a njinga ndi timasowo todulira zitsulo. M'chionetsero, timapiko tinayi n'tokwana: kafulati, kopindika, kafupi konenepa, katali kowonda. Mlendo ayambe walosera kamene kanyamuke kwambiri, kenako ayatse fani. Yankho musalilembe pamwamba.

Injini, ya mphamvu ya mahosipawa 12, yomwe anapanga makaniko wawo Charlie Taylor, ikhale m'galasi. Chokoma kugwira ndi matcheni: awiri, onga a njinga, imodzi yopingasa kuti mapulopela awiri azizungulira mosemphana. Ikani chopukusira, anthu aone okha.

[Kamera ikutsatira mzere wojambulidwa pansi]

Chotsika mtengo kuposa zonse ndi penti. Jambulani pansi mzere wa mamita 37, utali wa ulendo woyamba uja, muike wotchi ya masekondi 12, ana athamange nayo. Ambiri aipitirira ndegeyo, poti inkalimbana ndi mphepo yamphamvu yochokera kutsogolo. Tsiku lomwelo anauluka kanayi, ndipo ulendo womaliza Wilbur anatha masekondi 59, mamita pafupifupi 260. Mzere umenewo sungakwane m'chipinda. Usiyeni utuluke pakhomo, udutse pabwalo, ukathere koimika magalimoto. Kumeneko ikani kachikwangwani: ndegeyi itabwezedwa pamsasa, mphepo inaigubuduza n'kuiphwanya, ndipo sinaulukenso.