"Ndani angatifune ife a ku Chikwawa?" Phunzirani kuhaka kuti mutseke netiweki yanu

[Kamera iyandikire rauta yoyera yogonekedwa chagada pa tebulo]

Musapite kaye, taonani apa. Kapepala kali kunsi kwa rautayi, kabokosi kogawa Wi-Fi, kalembedwa "admin", pansi pake "admin" kachiwiri. Limenelo ndi dzina lolowera ndi pasiwedi yake. Rautayi ndabwereka ku malo ena ogona alendo kuno ku Nchalo, eni ake atandilola, ndipo yakhala choncho chiigulireni zaka zitatu zapitazo. Mlendo aliyense amene anapatsidwa Wi-Fi kumeneko akanatha kulowa m'mimba mwa rautayi n'kusintha chilichonse. Lero tiphunzira kuyang'ana netiweki yathu ndi diso la mbala, kuti titseke mipata iyo isanafike.

Takulandirani abale anga, kuyambira pa Thabwa, Dyeratu, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka. Phokoso mukumva kumbuyoku ndi fani, kunjaku dzuwa lakwiya, ndipo laputopu ikatenthedwa imazima yokha. Dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiyambe.

Choyamba, chilolezo. Wakuba pa intaneti ndi katswiri wolembedwa ntchito yoyesa chitetezo amagwiritsa zida zofanana. Wina anapemphedwa, wina anangolowa. Ntchito ya wopemphedwayo imatchedwa penetration testing, ndipo anthu amadyera pomwepo. Kuno kwathu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu. Wi-Fi ya aneba si yanu. Ya kuntchito si yanu, pokhapokha abwana atalemba pa pepala n'kusaina. Ndipo inu mumandilembera ku inbox kuti "achimwene, ndiphunzitseni kuhaka WhatsApp ya mayi akunyumba", lekani, sindikuyankhani.

Chachiwiri, mawu awiri okha. Chipangizo chilichonse pa netiweki chili ndi adiresi, IP. Adiresi iliyonse ili ndi makomo otchedwa ma port, okwana 65,535. Khomo 80 ndi 443 ndi a mawebusaiti, 22 ndi la SSH, njira yolowera m'kompyuta uli kutali, 23 ndi la Telnet, njira yakalekale ya ntchito yomweyo. Wohaka amayamba n'kugogoda makomo kuti amve lomwe layankha. Basi, zina muzimva tikamapita.

Tsopano ndiime pa bodza limene limandiwawa mtima. Eni rautayi nditawaonetsa kapepala kaja anaseka, amvekere: "Mwana wanga, ife ndi ayani? Ma hacker amafuna mabanki a ku Blantyre ndi azungu. Angawoloke mlatho wa Kamuzu kudzafuna ine?" Mawu amenewa ndawamva kwa aphunzitsi, kwa ma ajenti a ndalama za pa foni, ngakhale kwa anyamata ophunzira makompyuta enieni.

Bambo anga, palibe amene anakusankhani, ndipo vuto lagona pomwepo. Inu mukuganiza za msodzi wa mbedza amene wakhala pa bwato kudikira nsomba imodzi yaikulu. Ambiri mwa anthu awa ndi a khoka. Mwaonapo khoka likukokedwa ku Elephant Marsh? Silifunsa kuti uyu ndi mlamba kapena kambuzi, limakokolola chilichonse chili m'njira yake.

Mvetserani manambala awa. Maadiresi onse a IPv4, mtundu wakale wa IP, padziko lapansi alipo pafupifupi 4.3 biliyoni. Zikumveka zambiri. Koma mu 2013 akatswiri a ku University of Michigan anatulutsa pulogalamu yotchedwa ZMap, imene pa kompyuta imodzi yokhala ndi intaneti yamphamvu imagogoda khomo limodzi pa maadiresi onsewo m'mphindi zosakwana 45. Mpira usanafike pa hafu taimu, dziko lonse lagogodedwa. Pulogalamuyo sidziwa kuti Nchalo ili kuti. Imangoona nambala yomwe yayankha. Palinso webusaiti ya Shodan, imene ntchito yake ndi kusunga mndandanda wa makamera, marauta ndi maseva oonekera pa intaneti, munthu n'kumafufuza ngati mmene mumafufuzira pa Google.

Mu 2016 kunabuka Mirai. Kachilombo aka sikanali ndi matsenga alionse. Kankazungulira pa intaneti kugogoda khomo 23, kakapeza lotsegula n'kuyesa mayina ndi mapasiwedi a ku fakitale pafupifupi 60, onga "admin admin" yemwe ndakuonetsani uja. Makamera a CCTV ndi marauta zikwi mazanamazana anagwidwa choncho, eni ake osadziwa kanthu. Mu Okutobala chaka chomwecho zipangizo zogwidwazo zinatumidwa kukapanikiza makompyuta a Dyn, kampani ya ku America yolondolera anthu ku mawebusaiti, anthu ambiri n'kulephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Amene analemba Mirai anali anyamata a msinkhu wa ku koleji, ndipo anavomera mlandu mu 2017. Kamera ya pa golosale yanu kwa iwo inali msilikali waulere.

Lembani mu comment muli kuti, ndipo mundiuze zoona: munasinthapo pasiwedi ya rauta yanu?

WannaCry nayo, pulogalamu yotseka mafayilo n'kufuna dipo, Meyi 2017. Inkadzifalitsa yokha kudzera pa khomo 445 la Windows, n'kufika m'mayiko oposa 150. Zipatala za NHS ku Britain zinachita kubweza odwala. Chimene chimandipweteka n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotsekera mpatawo mu Malichi, miyezi iwiri izi zisanachitike. Anthu sanachite update. Ife kuno timadina "later" chifukwa chodandaula bandulo, ndikumvetsa, koma mpata womwewo ndi umene khoka likufuna.

Ndikudziwa wina wa ku Ngabu wophunzira bwino anena za karauta kake ka SIM kuti, "MiFi yanga ili kuseri kwa netiweki ya kampani ya foni, kunja siioneka." Nthawi zambiri mukunena zoona, achimwene. Koma tsiku limene mmisiri wa makamera anakutsegulirani khomo kuti muziona shopu yanu pa foni muli ku Limbe, mwina munatulukira poyera. Komanso khoka lina siligogoda makomo, limabwera ngati uthenga. Namondwe Freddy atatisakaza mu Malichi 2023, ine ndinaona ndi maso anga uthenga pa foni ya azakhali anga woti asankhidwa kulandira thandizo, angotumiza nambala yachinsinsi kuti ndalama zilowe. Munthu nyumba itapita ndi madzi, wina akufuna kumulandanso kochepa kotsala mu Mpamba kapena Airtel Money. Wotumizayo sankawadziwa azakhali anga. Anangomwaza uthengawo ku manambala ambirimbiri.

Ndiye mukati mulibe kanthu, muwerengenso. Muli ndi akaunti ya Facebook imene wakuba angalembere nayo mlongo wanu ali ku Johannesburg kuti mwagonekedwa m'chipatala, atumize msanga. Muli ndi ndalama za thonje ndi za mbuzi mu foni. Ndipo Malawi sali kuseri kwa phiri ayi. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi anthu ofuna dipo, ndipo kwa masabata angapo mapasipoti sanatuluke.

Ndatenga nthawi, tibwerere ku masitepe. Koma kaye, kalasi yathu ya Loweruka m'mawa kuno ku Nchalo ikupitirira, malo atsala ochepa, ulalo uli pansipa. Mubwere ndi flash, ndikukoperani mapulogalamu onsewa osawononga bandulo yanu.

Chachitatu, mangani bwalo lanu lophunzirira. Ikani VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina mkati mwa yanu, ndi yaulere. Mkati mwake muike makompyuta awiri ongoyerekeza: Kali Linux, yodzaza ndi zida zoyesera, ndi Metasploitable 2, imene anaipanga dala yobookabooka kuti ophunzira aziithyola. Pa zosankha za netiweki muike "host-only" kuti yobookayo isaonekere kunja. Mmenemo thyolani mmene mungathere, palibe wokumangani. Amene laputopu yanu ndi yofooka, yambani ndi masewera a Bandit pa OverTheWire. Ndi zolemba zokhazokha kudzera pa SSH, sadya bandulo, ndipo amakuphunzitsani Linux sitepe ndi sitepe.

Chachinayi, Nmap. Chida chogogodera makomo ichi chilipo kuyambira 1997 ndipo mpaka lero ndi chimene akatswiri amayamba nacho.

[Pa sikirini: nmap -sV 192.168.1.1]

Ndalumikiza rauta ija. Taonani, khomo 80 lotsegula, limenelo ndi tsamba lolowera, palibe chodabwitsa. Koma apa, 23, Telnet, open. Khomo lomwe lija la Mirai. Telnet imatumiza pasiwedi osaibisa, moti wina ali pa netiweki yomweyo ndi Wireshark, pulogalamu yoonera zodutsa pa netiweki, angathe kuiwerenga ngati chikwangwani cha pamsewu. Yesani izi pa rauta yanu yokha, kapena pa scanme.nmap.org, adiresi imene eni Nmap anaiika kuti anthu aziyeserapo.

Chachisanu, tsekani zimene mwapeza. Pasiwedi ya admin isinthidwe, ikhale yaitali, osati dzina la mwana ndi chaka chobadwa. Telnet, WPS (kulumikiza Wi-Fi ndi batani kapena PIN) ndi remote management (kuwongolera rauta uli kutali) zizimitsidwe. Wi-Fi ikhale pa chitetezo cha WPA2 kapena WPA3, alendo apatsidwe netiweki yawoyawo. Update ichitike. Pa WhatsApp yatsani two-step verification, PIN yowonjezera yotetezera akaunti, lero lomwe, ndipo manambala 6 aja obwera pa SMS musapatse munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku ofesi.

[Pa sikirini: Nmap ikuyendanso]

Ndazimitsa Telnet, ndayendetsanso lamulo lomwe lija, taonani: 23 palibenso. Rautayi ndikukaibweza madzulo ano kukazizirako, ndipo eni ake andilola kuti sabata yamawa tiyese makamera awo anayi pamaso panu. Vidiyo iyi muwatumizire ajenti amene mumatapako ndalama.