Kagalu kotupa pa mchombo: musamangepo kanthu, muzikagwira tsiku lililonse

Eee, achemwali, mwaswera bwanji. Chithunzi chija cha kagalu kanu kotupa pamimba ndachiona. Ndimati ndilembe koma ndaona kuti zitalika, bola ndingolankhula, mumvetsere mukapeza mpata.

Choyamba mtima m'malo. Kotupa kamene mukukaona pamimba pa kagalu kanuko, pakati penipeni, kumunsi pang'ono kwa nthiti, pamenepo ndi pa mchombo. Madokotala a ziweto amati umbilical hernia. Chimene chimachitika n'chakuti kagalu kakali m'mimba mwa mayi ake, chingwe cha mchombo chimadutsa pa kabowo ka m'minofu ya pamimba. Kakabadwa, chingwe chija chimauma n'kugwa pakapita masiku 2 kapena 3, ndipo kabowo kaja kamayenera kutsekeka kokha. Ndiye kwa tiagalu tina sikatsekeka konse. Khungu pamwamba lili bwinobwino, koma mkati muli mpata, ndiye mafuta a m'mimba amasuzumira pamenepo. Nthawi zambiri ndi mafuta chabe. Koma bowo likakhala lalikulupo, matumbo nawonso amatha kulowa, ndipo mavuto amayambira pamenepo.

Ndiye chitani chonchi. Kagoneni chagada pamiyendo panu, kapena, ayi, dikirani, yambani kali chiimire. Kaimirire kaye, inu mupise dzanja kunsi, mugwire kotupako ndi nsonga ya chala. Kali chiimire m'pamene kamatuluka bwino. Kenako mukagoneke chagada, kakhale phee, musakagwire kakungochokera kosewera kapena kakulira, chifukwa mimba imakhala yolimba. Mukakagoneka, dinani pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono ndithu, ngati mukugwira chikope cha diso lanu. Mukaona kuti kotupako n'kofewa, kakulowa mkati, ndipo chala chanu chikumva kamphepete kozungulira ngati mphete, limenelo ndiye bowo lake. Mukachotsa chala kabwereranso, musadabwe, ndi mmene zimakhalira.

Pali kenanso kamene sikalowa mkati koma n'kakang'ono, sikapweteka, sikasintha, kagalu kakudya n'kumasewera. Kameneko kawirikawiri ndi kamafuta kamene kanatsekeredwa kunja pamene bowo linkatsekeka. Komabe a vetenale akaone, musaweruze nokha. Mukamapita ku katemera muwasonyeze, amakagwira pomwepo n'kukuuzani.

Tsopano apa ndiye ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ine ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinali ndi kagalu kakakazi, kanali ndi miyezi 4. Kotupa kake kanali kofewa, ndikadina kankalowa, tsiku lililonse chimodzimodzi, mpaka ndinazolowera n'kusiya kukagwira. Mwina panapita sabata ziwiri osakagwira. Tsiku lina madzulo ndinaona kuti sikanakhudze chakudya, kangogona pakona, msana utapindika. Nditakanyamula n'kugwira pa mchombo, panali polimba ngati mwala wokulungidwa m'nsalu, ndiponso potentha kusiyana ndi pena ponse pamimba. Khungu lake linali litayamba kufiira modera. Ndiye ine, m'malo mothamanga, ndinadina ndi chala chachikulu, mwamphamvu, kuti kalowe ngati kale. Kagalu kaja kanalira kulira kumene sindidzaiwala, n'kundiluma dzanja, kagalu koti sikanalumepo munthu. Ndinasiya, n'kunena kuti mwina ndi njoka zam'mimba, tiona mawa. Usiku kanasanza kawiri. Kutacha tinapita, ndipo dokotala atang'amba anapeza kuti thumbo linali litalowa pabowo paja n'kupanikizika, magazi osadutsanso, mbali ina itada kale. Anadula kachidutswa kameneko n'kulumikiza. Kanachira, inde kanachira, koma kanavutika kwambiri, ndipo mavuto ake ambiri anabwera chifukwa cha usiku umene ndinadikira uja.

Ndiye ndibwereze, mwina ndathamanga. Kofewa, kolowa mkati, kagalu kakudya, kakuchita chimbudzi bwinobwino, pamenepo mukhoza kudikira tsiku limene a vetenale akupatsani. Koma kakalimba, kakatentha, kakasintha mtundu, kakakula mwadzidzidzi, kagalu n'kumalira mukagwira, kusanza, kukana chakudya, kufooka, pamenepo musadine, musasisite, musathowe ndi madzi otentha, musakapatse mankhwala a anthu ochepetsa ululu. Parasetamo kapena ibuprofen musayerekeze, amavulaza agalu. Nyamulani mupite nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Thumbo likapanikizika limafa m'maola ochepa, si nkhani ya masiku. Ndipo mukamapita musakadyetse, chifukwa mwina akafuna kukagonetsa kuti achite opaleshoni.

Kugwira kuja ndikunena tsiku lililonse. Kamodzi kokha patsiku, sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe. Mukatero chala chanu chimadziwa mmene pamakhalira, ndiye tsiku limene pasinthe mudzadziwa msanga. Mukhozanso kujambula chithunzi sabata iliyonse, chala chanu chili pambali pake, kuti muziona ngati kakukula.

Aaa, ndakumbukira. Wina akuuzani kuti ikanipo ndalama yachitsulo kapena batani, mumate ndi pulasitala, kapena mumange nsalu kuzungulira mimba. Musatero, chonde. Bambo wina amene tinkayandikana naye anachita zimenezo ine nditamuletsa. Anamanga kagalu ka masabata 7, n'kusiya masiku angapo. Pomasula anapeza khungu lasupuka, pansi pa ndalama paja pali chilonda chonyowa, chonunkha, ndipo bowo lili pompo mmene linalili. Chifukwa bowolo lili mu mnofu, mkati, inu mukamanga kunja simukulisoka ayi. Komanso kagalu kamakula msanga, nsalu imene lero ili bwino pakutha pa sabata ikukafinya popuma. Anadzatha nthawi yaitali akuchiza chilonda asanayambe n'komwe za mchombowo.

Za kutsekeka kokha, inde zimachitika. Kabowo kakang'ono, kosafika sentimita imodzi, kamatha kutsekeka kokha kagalu kakamafika miyezi 3 kapena 4. Koma kakadutsa miyezi 6 bowo lidakalipo, musayembekezerenso, silitsekeka lokha. Kanuko mwati kali ndi masabata angati, 9? Ndiye nthawi ilipo yoti muone, bola kugwira kuja musasiye.

Mankhwala ake enieni ndi opaleshoni, palibe jakisoni kapena mapiritsi otseka bowo. Dokotala amang'amba khungu, kubwezera zimene zatulukazo mkati, kapena kudula kamafuta kaja, kenako n'kusoka minofu. Ambiri amachitira limodzi ndi opaleshoni yotseka kubereka, kuti galu agonetsedwe kamodzi kokha. Kwa wamkazi zimaphweka chifukwa pong'amba pochotsa chiberekero ndi pafupi ndi mchombo pomwepo, amangotalikitsa pang'ono. Kwa wamwamuna, pomufula, amang'amba pawiri. Ndipo ngati kanuko n'kakamuna, uzani dokotala aonenso ngati machende onse awiri anatsika, chifukwa nthawi zina mavuto awiriwa amapezeka pa galu mmodzi. Bowo likakhala lalikulu, dokotala akhoza kunena kuti tisadikire, tisoke msanga. Mverani zimenezo.

Mukabwera naye kunyumba, nako, kagaluko, masiku 10 mpaka 14 kasathamange, kasadumphe, kasasambe. Kutuluka panja kazituluka pa chingwe. Kolala yapulasitiki ija yooneka ngati fanulo, kaivale usana ndi usiku. Ndikudziwa kazidziguguda pazitseko, kazikuyang'anani ndi maso achisoni, mtima uzikupwetekani. Musavule. Mayi wina anavula usiku umodzi wokha kuti galu agone bwino, m'mawa anapeza ulusi wonse wazulidwa ndi mano, bala lili yasa, kubwereranso kukasoka kachiwiri. Balalo muziliona m'mawa ndi madzulo. Kutupa pang'ono masiku oyamba si kwachilendo, koma likamatuluka mafinya, kununkha, kutseguka, kapena kotupa kuja kukabwerera, imbani foni.

Dikirani, ndibwerere m'mbuyo pang'ono, pali chimene ndadumpha. Sikuti chotupa chilichonse cha pa mchombo ndi hernia. Tiagalu tongobadwa kumene, ta masiku ochepa, mchombo umatha kulowa tizilombo n'kutupa, kufiira, kutuluka mafinya, kagalu n'kusiya kuyamwa. Chimenecho n'china, ndipo n'changozi kwambiri kwa kakhanda kotero, chofunika dokotala tsiku lomwelo. Ndiyenso chotupa chikakhala m'mphechepeche, pafupi ndi mwendo wakumbuyo, imeneyo ndi hernia ya mtundu wina, amati inguinal, imeneyonso musaichedwetse.

Munafunsanso ngati mayi wake ndi amene analakwitsa poluma chingwe pafupi kwambiri. Anthu oweta agalu amakonda kunena choncho, ndipo kukoka chingwe mwamphamvu pobadwa si kwabwino ndithu. Koma madokotala ambiri amaona kuti nthawi zambiri zimayenda m'magazi, n'zakumtundu. Pali mitundu ina imene zimaonekera kawirikawiri, monga Airedale terrier, Basenji ndi Pekingese, ngakhale galu wa mtundu uliwonse akhoza kubadwa nazo. N'chifukwa chake ine maganizo anga ndi akuti kagalu kameneka musadzakabereketse, ngakhale mutasoka. Kusoka kumatseka bowo, koma ana ake akhoza kudzabadwa nalo. Ndipo wamkazi amene sanasokedwe akatenga bere, mimba ikamalemera bowo lija limatha kukula. Amene anakupatsani kagaluko muwadziwitsenso, aone tinzake tobadwa nako limodzi, mwina si kokha.

Chabwino, kaye ndi zimenezi. Madzulo ano kakadya n'kupuma, kagwireni monga ndanenera muja, chiimire kaye kenako chagada, mundiuze ngati kakulowa komanso ngati nsonga ya chala chanu ikukwana pabowopo. Ikakwana, musadikire tsiku la katemera, pitani nako mawa lomwe akakaone.