Batire likamatha moto usiku, musathamangire kugula latsopano

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva, zoti galimoto yanu ya Sienta ija ikagona usiku umodzi, m'mawa ikungoti tcheketcheke osalira. Ndalama ya batire latsopanoyo muyambe mwaisunga kaye. Anthu ambiri amagula latsopano, pakangotha masabata awiri nalonso lagona, chifukwa vuto silinali pa batire. Batire lili ngati ndowa: mwina yabooka, mwina mpope sukuthiramo madzi, mwinanso pali wina akutungamo usiku inu muli mtulo. Tifufuze kuti mwa zitatuzi ndi chiti.

Yambani ndi maso. Tsegulani boneti muone ma terminal awiri aja, pamene mawaya amamangidwa pa batire. Agwedezeni ndi dzanja, sakuyenera kuzungulira ngakhale pang'ono. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pamenepo, dziwani kuti moto sukudutsa bwino. Zimitsani injini, chotsani kiyi, tengani sipanala ya 10. Mumasule ya minus kaye, kenako ya plus, ndipo pobwezera muyambe ndi plus, minus pomaliza. Izi musazisinthanitse alamu, chifukwa chitsulo chonse cha galimoto ndi minus, ndiye sipanala ikakhudza plus ndi chitsulo nthawi imodzi pamathetheka moto woopsa. Potsuka, soda yemweyo wothira m'therere mumusungunule m'madzi ofunda, mukwechese ndi mswachi wakale, mupukute, mumange, kenako mupake Vaseline pang'ono. Madzi a sodawo asalowe mkati mwa batire.

Ngati batire lanu ndi la zotsekera pamwamba, tsegulani musuzumire. Madzi azikwirira mapuleti. Akachepa, thirani madzi a batire ogula m'botolo, osati a pamjigo kapena a pampope, ndipo asidi musaonjezere. Fodya ndi machesi zikhale kutali, mpweya wotuluka mmenemo umayaka.

Tsopano pakufunika multimeter, kachipangizo koyezera moto wa magetsi. Ngati mulibe, bwerekani kwa anyamata okonza mafoni ndi mawailesi. Ikani pa DC 20, waya wofiira pa plus, wakuda pa minus. Muyeze m'mawa musanalize galimoto. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 volts. Likaonetsa 12.2 lili pa theka, likatsika pansi pa 12 latheratu. Zikatero katchajitseni kaye mpaka lidzaze, chifukwa batire lopanda moto simungaliweruze. Likadzaza, wina alize galimoto inu mukuyang'ana nambala. Ikagwa pansi pa 9.6 pamene injini ikuzungulira, batirelo lakalamba basi, makamaka ngati ladutsa zaka zitatu kapena zinayi. Kumadera otentha ngati ku Nsanje, Chikwawa ndi Mangochi mabatire amafa msanga kuposa pamenepo.

Injini ikalira, nambala ikwere ifike pakati pa 13.8 ndi 14.5. Yatsani magetsi akutsogolo ndi fani, muone ngati ikugwirabe pamwamba pa 13. Ikangokhala pa 12, alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira, sikutchaja. Musanaitsitse, onani lamba wake, mwina wangomasuka kapena wang'ambika, nthawi zambiri amalira tswii m'mawa. Ikadutsa 15 ndi vutonso, ikuwiritsa batire mpaka madzi kuuma. Ndipo chonde, wina akakuuzani kuti tiyese alternator pochotsa terminal injini ikulira, mukanitsitse. Njira imeneyo inali ya magalimoto akale. Pa galimoto yanuyi mutha kuwotcha kompyuta, ndipo mtengo wake ndi woposa batire kutalitali.

Ngati zonsezi zili bwino, ndiye kuti pali chimene chikudya moto galimoto itazimitsidwa, ndipo malinga ndi mmene mwafotokozera, ine ndikukayikira pamenepa. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko koma musiye windo limodzi lotsegula kuti isakutsekereni panja. Pa multimeter sunthani waya wofiira muulowetse pa kabowo kolembedwa 10A, ndipo muzungulize pa 10A pomwepo. Masulani terminal ya minus. Waya umodzi wa multimeter ugwire mutu wa batire, winawo ugwire waya mwamasula uja, kuti moto wonse uzidutsa mu multimeter. Apa musayerekeze kuliza galimoto, multimeter ipsa. Dikirani mphindi 20 kapena 30, chifukwa makompyuta a m'galimoto amatenga nthawi kuti agone. Ikakhazikika, nambala isadutse 0.05. Mukaona 0.3, 0.5 kapena 1, ndi chimenecho chikukugonekerani batire.

Kuti muchipeze, zulani mafyuzi imodziimodzi, kuyang'ana nambala, kubwezera, kupita pa ina. Bokosi limodzi lili mu boneti, lina mkati pansi pa dashibodi. Mukamagwira la mkatilo, kabatani ka pachitseko mukapanikize kuti getsi la mkati lisayake. Fyuzi imene mukaizula nambala n'kugwa, werengani pa chivundikiro kuti ndi ya chiyani. Kawirikawiri sichikhala cha kufakitale ayi, chimakhala chimene munthu anachita kuwonjezera: wailesi imene anaika m'malo mwa ya Chijapani ija n'kulumikiza molakwika, amplifier, alamu ya akuba, tracker, kapena kamera. Nthawi zina ndi kagetsi ka kubuti kosazima, kapena chaja ya foni yosiyidwa m'bowo. Mukazula mafyuzi onse nambala osagwa, kayikirani alternator yomweyo. Ma diode ake akapsa, masana imatchaja ndithu, koma usiku imabweza moto. Pamenepo mpofunika wamagetsi a galimoto, osati makaniko wa injini.

Chinanso, kayendedwe kanu. Kuchoka kunyumba kukasiya ana kusukulu yapafupi n'kubwerera, batire silibwezeretsa moto umene latulutsa poliza. Kamodzi pa sabata muziyenda ulendo wa theka la ola osazimitsa. Ndipo magetsi akazima kunyumba, musamachotse batire la galimoto kukalumikiza ku inverter. Silinapangidwire kutha moto mpaka pansi, mukalitero kangapo silidzadzazanso.

Pakadali pano, poti Sienta yanu ndi ya automatic ndipo simungailize pokankha, usiku uliwonse muzimasula terminal ya minus mpaka vuto lipezeke. Mawa m'mawa munditumizire manambala atatu aja: musanalize, injini ikulira, ndi ya pa 10A.