Yesani kaye penti musanagule ya nyumba yonse

Abale anga a ku Ulongwe, ku Domue ndi inu a ku Moatize, tamvetserani nkhani ya penti yopaka nyumba. Dzuwa la kuno ku Tete si lamasewera, Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete kutentha kumadutsa madigiri 40, ndiye zolembedwa pachitini zoti ndi ya panja osangozikhulupirira ayi, iyeseni kaye.

Gulani tizitini tating'ono. Pezani zidutswa za malata, kapena matabwa ngati mukufuna kupaka zitseko, mutsuke ziume bwinobwino. Penti iliyonse mupake zidutswa ziwiri, makoti awiri, kumbuyo mulembe dzina lake ndi tsiku. Chimodzi chisungeni m'nyumba pamdima, chinacho padenga chopendekera ngati madigiri 45 chiyang'ane kumpoto, poti kwathu kuno miyezi yambiri dzuwa limadzera kumeneko. Mangani ndi waya, mphepo ingatenge.

Muyambe dzinja lisanafike kuti chiwone dzuwa la Okutobala ndi mvula yomwe mpaka Epulo. Mwezi uliwonse tsitsani, mutsuke mbali imodzi ndi madzi okha, makamaka a ku Moatize fumbi la malasha lingakunamizeni, kenako muyerekeze ndi cha m'nyumba chija. Mtundu wafwifwa? Zofiira zowala zija nthawi zambiri ndi zomwe zimayamba kutha. Ndiye pitsani chala pouma posatsuka paja, chikatuluka ndi ufa ngati choko dziwani kuti dzuwa ladya chomwe chimamanga pentiyo, apa ndiye pofunika kwambiri chifukwa ufa ukachuluka mvula imangokokolola khoma n'kutsala mbee. Onaninso matuza, ming'alu ndi dzimbiri m'mphepete.

Kuti mudziwe ngati yagwira, chekani timizere topingasa ndi lezala, matanipo selotepi, tsindikani, kokani mwamphamvu. Ikamatuka yambiri musagule imeneyo. Malata atsopano onyezimira aja penti ya mafuta siigwira popanda praima yake (penti yoyambira kupaka pansi), choncho chidutswa china mupake ndi praima muone nokha kusiyana.

Makampani akuluakulu nawo amayanika zidutswa chonchi ku Florida ndi Arizona, ku America, kwa zaka. Koma chonde muyesere komwe kuli nyumbayo, chifukwa mame ndi nkhungu za ku Angónia, dera la Ulongwe ndi Domue, zimaononga mosiyana ndi ng'anjo ya ku Tete. Ngati ndi khoma la simenti, pulasitala idikire masiku 28 musanapake chilichonse.