Mawu a m'mawa: Kapu ya pawindo

Mwadzuka bwanji nonse a m'gulu muno? Kuno ku Mangochi kwacha ndi mwera, nyanja ikungochita thovu, ndipo amene amadikira usipa padooko abwerera ndi mabeseni opanda kanthu. Komabe tadzuka, tiyamike. Mawu athu lero ali pa Marko 5:25-34. Tsegulani Baibulo muwerenge kaye nokha, ndi kankhani kakafupi, kenako mubwerere kuno.

Pawindo la kukhitchini kwanga pali kapu yapulasitiki yofiira, yothyoka chogwirira. Kwa zaka 6 kapu imeneyo inali ya alamu anga, akazi a achimwene. Akabwera kwathu ndinkawathirira madzi mmenemo, akachoka n'kuitsuka payokha, n'kuibwezera pawindo. Palibe anandiuza kuti ndizitero. Ndinkachita ndekha, ndikumwetulira, ndipo Lamulungu lililonse ndinkaimba kwaya.

Alamuwo anatenga mimba yoyamba ali ndi zaka 17, ndipo nthawi yobereka inakwana achimwene ali ku Joni. Matenda anayamba Lachiwiri madzulo. Anganga awo anati mimba yoyamba ndi momwemo, tidikire. Anawamwetsa mwanamphepo. Lachitatu linafika mwana osatuluka, ndipo akuluakulu anayamba kunong'onezana kuti awa ndi mapinga. Ine ndinali m'nyumbamo ngati wakuchimuna. Ndinamva ndi makutu anga akuwauza kuti, “Ulula mwana iwe, tchula amene unayenda naye, mwanayu aone njira.” Analibe woti amutchule. Usiku utafika pakati, ululu utawakwana, anangotchula dzina la mnyamata wina woti sanapatsanepo naye ngakhale moni wapadzanja, n'cholinga choti awasiye. Mwana sanatulukebe. Lachinayi m'mawa m'pamene tinawakweza pa njinga yamoto, wina kutsogolo wina kumbuyo atawagwira. Pachipatala chaching'ono anati izi zatikulira, tidikire galimoto. Pofika kuchipatala chachikulu mwana anali atazizira kale m'mimba.

Patatha masiku anayi anadzuka papepala ponyowa. Anaganiza kuti ndi zotsalira za uchembere. Sizinasiye.

Zimene zinachitika m'thupi mwawo ndinadzazimvetsa patapita zaka, namwino wina atandifotokozera ndi chibakera ndi chikhatho. Mwana akakanirira panjira, mutu wake umapanikiza mnofu wa mayi pa fupa la m'chiuno. Mangani chala ndi mphira mwamphamvu, muchisiye tsiku lonse, muone. Magazi sayenda, mnofuwo umafa, ndipo pakatha masiku angapo umathothoka n'kusiya bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Mkodzo ndiye umangodutsa pamenepo usana ndi usiku, munthu alibe poti n'kuugwirira. Kwa ena bowolo limakhala cha kunjira ya chimbudzi. Ena amayamba kukoka mwendo chifukwa mitsempha nayo inapanikizika. Dzina lake ndi fistula. Si ufiti, si mapinga, si chilango cha chigololo. Ophunzira a Yesu nawonso anali ndi pakamwa pofulumira ngati pathupa: ataona munthu wosaona chibadwire, pa Yohane 9, funso lawo loyamba linali loti anachimwa ndani. Yesu anawakanira kuti si iyeyo, si makolo ake. Ife tinafunsa funso lomwelo kwa mwana wa zaka 17 amene amafunika opaleshoni Lachitatu m'mawa.

Zaka 6 zija ndingazifotokoze ndi zinthu zochepa. Zitenje zakale zong'ambang'amba, zopindidwa ngati matewera, zimene ankachapa kusanache kumunsi kwa dooko kumene sikufika anthu. Pepala lapulasitiki pansi pa mphasa. Sopo wosakwana. Zilonda za m'ntchafu. Anasiya kumwa madzi poganiza kuti kudontha kuchepa, kotentha ngati kuno, osadziwa kuti mkodzo ukachepa madzi m'pamene umanunkha kwambiri ndi kuwotcha khungu. Anayesa kuphika zitumbuwa, anthu ankadutsa n'kukagula kwa wina. Pamaliro ankakhala kumapeto kwenikweni, kumene mphepo ikulowera, ndipo pa miphika palibe ankawaitana. Kutchalitchi anasiya. Achimwene anabwera kuchokera ku Joni, anakhala miyezi iwiri, anabwerera, ndipo tinangomva kuti akwatira kwina. Ndi mchimwene wanga wa bere limodzi, koma pamenepa sindimuikira kumbuyo.

Tsopano tiyeni kwa mayi wa pa Marko uja. Nthenda yake sinali fistula, iye ankataya magazi, koma moyo wake alamu anga akanauzindikira msanga. Zaka 12. Chuma chonse chinathera kwa asing'anga, matenda n'kumangokulirakulira. Mwa lamulo la pa Levitiko 15, pogona pake ndi pokhala pake panali podetsedwa, ndipo wokhudza zimenezo nayenso ankadetsedwa kufikira madzulo. Ndiye kuti nayenso anali ndi mphasa yake, mpando wake, mwina kapu yakenso. N'chifukwa chake anadzera kumbuyo. Munthu wozolowera kuthawidwa sabwera chamaso.

Anakhudza chovala, magazi analeka pomwepo. Apa ndi pamene ndimaima ine ndikamawerenga. Mayiyu wachira kale. Akanatha kuzemba mwakachetechete, ndipo ndi zimene ankafuna. Yesu nayenso anali pa changu, Yairo mkulu wa sunagoge akumudikira, mwana wake ali kayakaya. Koma Yesu anaima pakati pa chikhamu n'kufunsa amene wakhudza zovala zake. Ophunzira anaona ngati funso lopanda mutu. Iye anayang'anayang'anabe mpaka mayi uja anabwera akunjenjemera, nagwada, nanena zoona zonse.

Kale ndinkaona ngati Yesu anamuchititsa manyazi. Pano ndimaona zina. Mayiyo akanapita mozemba, thupi likanakhala lochira, koma mudzi wonse ukanapitiriza kumupatulira mphasa. Ndani akanakhulupirira? Yesu anamuimika pamaso pa anthu omwe ankamuthawa aja, namutchula kuti mwana wake wamkazi, onse akumva, Yairo yemwe akumva. Magazi anaima chifukwa cha mphamvu yotuluka mwa Iye. Koma dzina lija analitchulira makutu a khamulo.

Alamu anga anamva za chithandizo kwa mayi wina wachisilamu wa cha ku Namwera amene anabwera kudzagula nsomba zouma. Anawayang'ana mmene amakhalira chammbali, nawakokera poduka mphepo, n'kuwauza kuti, “Achemwali, ine ndinali choncho zaka 9. Zimasokedwa zimenezi.” Ife a m'banja ndi a mumpingo tinakhala nawo zaka zonsezo osafufuza n'komwe. Anawatsegula maso ndi mlendo wodzagula utaka.

Tinayambira kuchipatala cha boma, ndipo anatitumiza ku Lilongwe, ku Bwaila, kumene kuli malo apadera othandizira amayi a vutoli, oyendetsedwa ndi bungwe la Freedom From Fistula Foundation. Chithandizo chake n'chaulere. Ine ndinapita nawo. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Anasiya kumwa chilichonse kuyambira dzulo lake, anavala zitenje zitatu, anayala jumbo pampando. Tisanafike pa Golomoti bambo wina anayamba kutsegula windo uku akutukwana kuti wina wakwera ndi mbuzi. Alamu anangoweramitsa mutu. Ine ndinakhala chete. Ndimachita manyazi kunena, koma ndinayang'ana kunja ngati sindikuwadziwa.

Kuchipatalako chinthu choyamba chimene chinawaliza si singano. Namwino anawagwira dzanja, nakhala nawo pabedi pomwepo osayang'ana ngati panyowa. Chachiwiri, anaona wodi yonse yodzaza amayi onga iwo, ena atsikana, ena a imvi amene anabereka ana asanu bwinobwino n'kudzavulala pa wachisanu ndi chimodzi. Zaka zonsezi ankaganiza kuti m'dziko muno ali okha.

Atawasoka anawaika kapaipi kotulutsa mkodzo kuti chikhodzodzo chipume, chilonda chipole. Kanakhala pafupifupi masabata awiri. Mukanaona amayi akuyenda pang'onopang'ono pakhonde, aliyense atanyamula kandowa kake kolowera paipi, kwinaku botolo la madzi kukhwapa. Munthu amene anazolowera kuthawa madzi tsopano akuuzidwa kuti imwani, imwaninso, mpaka mkodzo uyere. Tsiku loyeza amathira mankhwala a buluu m'chikhodzodzo kuti aone ngati pali podontha. Usiku wake alamu sanagone. M'mawa kansalu kanatuluka koyera, kopanda buluu. Atachotsa kapaipi anapita kuchimbudzi, nabwerako akuseka ngati mwana, akuti, “Alamu, ndinamva mkodzo, ndinaugwira, ndakafika ndekha!” Inu amene mwadzuka lero n'kupita kuseri osaganizako n'komwe, mwayamika?

Potuluka anawalangiza kuti asakhale malo amodzi ndi mwamuna kwa miyezi yosachepera itatu, asanyamule zolemera, ndipo akadzakhalanso ndi pakati akadikirire kuchipatala n'kuberekera pa opaleshoni, chifukwa posokedwapo pakhoza kung'ambikanso. Azibambo a m'gulu muno, mbali imeneyi ndi yanu. Ntchito ya dokotala ya maola angapo ikhoza kuwonongeka usiku umodzi chifukwa cha mwamuna wosaugwira mtima.

Tinabwerera kumudzi ali ouma. Ndiye mumve zimene ndinachita. Tsiku lachitatu anabwera kwathu kudzacheza, ndinawayalira mkeka, ndinalowa kukhitchini, ndipo dzanja langa linapita lokha pawindo. Ndinatulukira nayo kapu yofiira ija. Anaiyang'ana, nandiyang'ana ine, osanena kanthu. Bowo la m'thupi dokotala anatseka tsiku limodzi, koma dzanja langa linali lisanamve uthengawo. Pamudzi panalinso chimodzimodzi. Zitumbuwa zawo zinatha miyezi anthu akuzilambalala. Zinasintha pamene mayi wamkulu wa kumpingo kwathu, pamaliro ena, anaitana mokweza anthu onse akumva kuti, “Mwana wanga, bwera ugwire mthiko uwu, nsima yako ndimaidziwa ine,” ndipo itapsa anayamba ndi iwowo kudya. Mayi amenewo sanalalikire. Anachita chimene Yesu anachita pamsewu paja.

Pali china chimene sindifuna kuchilumpha, chifukwa maumboni athu amakonda kuthera pokoma. Si onse amachira ulendo woyamba. Pabedi loyandikana ndi alamu panali mayi amene imeneyo inali opaleshoni yake yachitatu, ndipo nsalu yake inatuluka ya buluu. Ena bowo limatsekeka koma mkodzo n'kumadonthabe chifukwa minofu yogwira inawonongeka kwambiri. Mayi ameneyo ankapemphera kuposa tonse m'wodimo. Chonde, munthu wotere musakamuuze kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, kapena kuti pali tchimo limene sanaulule. Mawu amenewo ndi mapinga omwe aja, angovala jekete. Ngakhale akudonthabe, malo ake pa benchi ndi pakati pathu, ndipo ngati vuto ndi sopo, mpingo umene umagula masipika sungalephere kugula sopo.

Ku Ethiopia kuli mayi wina dzina lake Mamitu Gashe. Anafika kwa madokotala Reginald ndi Catherine Hamlin ali mtsikana, mwana atamwalira, iye ali ndi fistula. Atalandira chithandizo sanachoke. Anayamba ndi kuyala mabedi, kenako kuthandiza m'chipinda cha opaleshoni, mpaka anaphunzira kusoka yekha, ndipo pachipatala cha fistula cha ku Addis Ababa, chimene chinatsegulidwa mu 1974, anadzakhala wophunzitsa madokotala ochokera m'mayiko ena, munthu woti sanapite kusukulu. Ndikamuganizira ndimakumbuka mayi wa ku Namwera uja. Amene anadutsamo ndi amene amazindikira mnzawo pa kakhalidwe kokha.

Pa 23 May chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nkhondo yothetsa fistula, ndipo kuno kwathu malamulo anakhwimitsidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18. Zonsezo n'zabwino. Koma ku Makanjira, ku Katuli, ku Chilipa, ku Nankumba, chimene chimapulumutsa mayi ndi munthu wa m'nyumbamo amene anganene kuti dzuwa latuluka, lalowa, mwana sanabadwe, tiyeni kuchipatala tsopano, osadikira foni ya ku Joni kapena chilolezo cha amalume. Kuposa apo, apite kuchidikiro masiku asanakwane. Ine ndinali m'nyumba muja, ndinali ndi pakamwa, sindinanene.

Tipemphere. Atate, mukuwadziwa amayi amene adzuka usiku uno kukachapa anthu asanadzuke. Mukudziwa amene ali m'wodi ndi kandowa m'manja, ndi amene nsalu yawo yatuluka ya buluu. Limbitsani manja a madokotala ndi anamwino. Tikhululukireni ife amene tinapatula makapu, amene tinasuntha pa benchi, amene tinafunsa kuti anachimwa ndani. Tikumbutseni lero dzina la mlongo amene anasiya kubwera kumapemphero ife osafunsa chifukwa chake, ndipo mutipatse miyendo yopita kwawo. M'dzina la Yesu, Amen.

Kapu ija ndinafuna kuitaya m'dzala tsiku lomwe ndinawapepesa. Alamu anandiletsa, akuti pulasitiki ndi ndalama. Masiku ano akabwera kudzakazinga zitumbuwa kukhitchini kwanga, poti mbaula yanga ndi yaikulu, amayezera ufa mmenemo. Makapu anayi a mgaiwa, nthochi khumi. Ndikumva akuitana panja, ndikawatsegulire.