Amayi, mawaya aja si matenda

Amayi mwaswera bwanji kumeneko? Achemwali andiuza kuti chithunzi chija ndinaika pa WhatsApp chakusowetsani tulo, eti mukuti mwana wanga wagonekedwa m'chipatala ndipo akutibisira. Ayi ndithu, mtima pansi, ndili bwinobwino. Chipewa cha mawaya chija ndi cha kuntchito, ku labu ya pa yunivesite kuno ku UK komwe ndikuthandiza pa kafukufuku, ndipo tsiku limenelo ndinadzipereka ndekha kuti ayesere pa ine.

Usiku mutenge foni muyatse tochi, muike chala pamwamba pake, muona chala chonse chikufiira. Ndiye kuti kuwala kwina kumadutsa mumnofu. Chipewa chija chimatulutsa kuwala kumene amati near-infrared, kofanana ndi kwa rimoti ya TV, maso sakuona koma kumalowa pakhungu, kudutsa fupa la mutu mpaka kukafika pamwamba pa ubongo, masentimita awiri kapena atatu basi. Magazi okhala ndi okosijeni wambiri ndi magazi amene okosijeni wawachepera amameza kuwalako mosiyana, ndiye kumene kwabwererako kompyuta imawerenga n'kutionetsa ngati ubongo ukulandira mpweya wokwanira. Kachipangizo kaja amakupanani nako chala kuchipatala ndi kachibale kake. Palibe jakisoni, palibe kucheka, komanso si X-ray. Njirayi ndi yakale ndithu, wasayansi wina Frans Jöbsis anaionetsa mu 1977.

Ife tikufufuza zimene zimachitika m'mutu munthu akatenthedwa. Anandiveka suti yokhala ndi timapaipi modutsa madzi otentha, ndinachita kumasula tsitsi kaye chifukwa tsitsi lathu lakuda lothinanali limatchinga kuwala, ndiye ndinagona pamenepo thukuta lili kamukamu. Thupi likatentha magazi ambiri amathamangira kukhungu kuti akazizire, munthu umayamba kupuma mofulumira osadziwa, mitsempha ya kumutu imapanikizika ndipo magazi opita ku ubongo amachepa. Atandiuza kuti ndidzuke pang'ono chizungulire chinandigwira, mzere wa pa kompyuta woonetsa mpweya wa mu ubongo ndikuuona ukutsika. Anandiziziritsa pompo. Koma ine maganizo anathawira kwa abambo.

Amayi, Okutobala uno ku Chikwawa kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo abambo ndimawadziwa, khasu saliika pansi dzuwa lili paliwombo. Chonde azilawira m'mamawa, ikamakwana 10 koloko azikhala ataweruka, abwererenso madzulo. Madzi azitenga pa chigubu, azimwa asanamve ludzu, ndipo musunge mapaketi a Thanzi m'nyumba.

Chimene ndikufuna mugwire kwambiri ndi ichi. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, likafika 40 ubongo umayamba kusokonekera. Mukaona munthu wochokera kudzuwa akuyankhula zosamveka, akudzandira ngati waledzera, akupsa mtima popanda chifukwa kapena sakukuzindikirani, musati angotopa agone kaye. Mupite naye pamthunzi, muvuleni zovala zolemera, mum'thire madzi thupi lonse, zitenje zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, wina azimukupiza ndi lichero osaleka. Akakomoka musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Panado pamenepa sathandiza. Ndiye muthamange naye kuchipatala mukumuziziritsabe m'njira, chifukwa malungo akulu nawonso amayamba chonchi ndipo ndi achipatala okha angayeze magazi n'kusiyanitsa.

Lachisanu nditumiza ndalama, ina mupezere aganyu athandize kusosa ndi kugalauza mbali yatsalayo, ina muisunge padera ikhale ya njinga yamoto pakagwa zadzidzidzi. Uthengawu muwatsegulire abambo amve okha madzulo ano, akakana mundiimbire ndiyankhule nawo.